MADZI SAIWALA KHWAWA: ZOMWE TIDAONA KU SANGILO

Ife obadwira m'mbali mwa nyanja tili ndi kamtima kena kodzitama. Munthu wa kumtunda akafika kwathu ku Mangochi n'kumaponda madzi monyinyirika, timaseka chamumtima, poti ife tidayamba kusambira tisanayambe sukulu. Amayi athu ankatisambitsa m'nyanja tili makanda, mbale tinkatsukira momwemo, ndipo ambiri mwa ife tidagwira nkhafi tisanagwire pensulo. Kotero pamene mlongo wathu wokwatiwa ku Chilumba adatiitana kuti tikamuone patchuthi cha ana, natichenjeza kuti nyanja ya kumeneko njosiyana ndi ya kwathu, ife tidamuseka. Tidati nyanja ndi imodzi, kuyambira ku Malindi mpaka ku Kaporo madzi ake ndi omwewo.

Tidanyamuka kumapeto kwa mwezi wa Julaye, akuluakulu anayi ndi ana asanu. Tidadzera msewu wa m'mbali mwa nyanja, kudutsa Salima, Nkhotakota, Dwangwa ndi Chintheche, ndipo tidagona ku Mzuzu komwe kudali chisanu choti ana athu adali asanachionepo. M'mawa mwake tidapitirira Ekwendeni ndi Phwezi, mpaka tidayamba kutsetsereka mapiri a Chiweta. Pamenepo msewu umapindika ngati njoka, ndipo pakona ina nyanja imangoonekera mwadzidzidzi pansi panu, yobiriwira mochita kuderako, yosiyana ndi madzi oyererako a kwathu. Kutsidya, mbali ya Tanzania, mapiri a Livingstone adaima ngati khoma lotuluka m'madzi. Tonse tidangoti chete m'galimotomo. Chinthu china chomwe tidachiona koma osachilabadira ndicho timizere toyera tambirimbiri pamwamba pa madzi, kufikira pomwe maso adalekezera. Udali mwera, ndipo udali utawomba masiku atatu.

Malo ake

Sangilo ali m'boma la Karonga, makilomita oposa 70 kumwera kwa tawuni ya Karonga. Mukachoka ku Chiweta mumapitirira Chitimba, pomwe pamayambira msewu wokhotakhota wokwera ku Livingstonia, kenaka musanafike ku Chilumba mumapatuka pa msewu wa M1 kulowera kunyanja. Dera limeneli mtunda udalowerera m'nyanja, ndipo gombe lake si mchenga wautali wotambasuka ngati wa ku Nkopola kapena ku Senga Bay ayi. Ndi timagombe ting'onoting'ono ta mchenga woyera, kalikonse kotchingidwa ndi matanthwe uku ndi uku, mitengo ili pamwamba. Kumbuyo kwanu kumaoneka mapiri okwera ku Nyika. Anthu ake amalankhula Chitumbuka, amalima chinangwa, ndipo usiku anyamata amapita kukawedza usipa ndi nyali. Kulinso malo ogona alendo omwe amakopa anthu ochokera kutali.

Tsiku lofikalo mlamu wathu adatilandira ndi kondowole wa usipa wauwisi pamodzi ndi mpunga wa ku Hara, womwe fungo lake limakupezani muli panja. Usiku wonse tinkamva nyanja ikubangula. Koma titadzuka kukaswali m'bandakucha tidapeza kuti mphepo yaleka, masamba a mitengo sakugwedera n'komwe. Ana adalumpha ndi chimwemwe, ndipo titamwa tiyi tidauyamba ulendo wa ku gombe la Sangilo, titanyamula mphasa ndi mbatata zophika.

M'mawa wopanda mphepo

Mphepo idalekadi, koma mafunde adali asanaleke. Ankabwera mondondozana, aakulu ofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu, n'kumasweka pamchenga ndi phokoso. Chakumtunda, pansi pa mtengo, padali bambo wina wokalamba akusoka ukonde, ndi anyamata awiri atagona pafupi ndi bwato. Tidawapatsa moni, iwo adayankha mwaulemu, ife n'kupitirira. Sitidafunse kanthu. Tikadafunsanji, ife ana a m'nyanja?

Tidayang'ana gombe lonse kufuna malo abwino oti ana asambirepo. Pakati ponse mafunde ankasweka ndi thovu, koma kumapeto, m'mbali mwa thanthwe, padali kampata ngati mikono khumi m'lifupi pomwe madzi adali bata, akuda, opanda thovu. Tonse anayi tidagwirizana kuti pamenepo ndiye pabwino. Tikubwereza, abale ndi alongo, kuti malowo sadasankhe ndi ana. Tidasankha ndife akuluakulu, ndi chala chathu tidawalozera.

Mwayi wake, ana aang'ono adachedwa pang'ono chifukwa azakhali awo ankawavula majuzi. Adatsogola ndi mphwathu wa zaka 15, mnyamata yemwe kwathu amamira kukakolola mbedza ikakodwa pamwala. Adalowa mpaka m'chiuno, natembenuka kutikodola kuti madzi ngofunda. Tidamva bambo wokalamba uja akufuula m'Chitumbuka, koma sitidamve tanthauzo lake. Mnyamatayo adadziponya kuti asambire, ndipo titaphethira kawiri adali atapitirira nsonga ya thanthwe.

Poyamba tinkayesa masewera. Kenaka tidaona kuti nkhope yayang'ana kwa ife, manja akupalasa kubwera kumtunda ndi mphamvu zonse, koma mutu ukunka nuchepa. Adafuula kamodzi kokha kuti, “Amalume!” Mmodzi wa ife adathamangira m'madzi ndi mkanjo womwe, koma bambo uja adali atafika kale. Adamugwira dzanja mwamphamvu nati m'Chichewa, “Adada, imani pompo. Mukalowa tikhala ndi maliro awiri.”

Anyamata awiri aja adakankha bwato, ndipo chomwe chidatidabwitsa n'chakuti adaulowetsa pakampata komweko ka madzi abata. Bwato udathamanga ngati ukutsika mtsinje. Atamuyandikira sadalumphire m'madzi, adangomuponyera chigubu chopanda kanthu chomangidwa kuchingwe. Iye adachikumbatira. Adamukokera m'bwato, napalasa cham'mbali, n'kudzakocheza pakati pa gombe pomwe mafunde ankasweka. Zonsezi sizidathe mphindi khumi, koma kwa mayi wake wa mwanayo zidali ngati chaka. Mnyamatayo adagona pamchenga akusanza madzi, miyendo ikunjenjemera. Alhamdulillah, adali wamoyo. Masana ake tidapita naye kuchipatala ku Chilumba kuti akamupime m'chifuwa, ndipo adampeza bwino.

Phunziro la chitsononkho

Mitima itakhala pansi tidapita kukathokoza. Bambo uja sadatidzudzule. Adangofunsa komwe tachokera, ndipo titati ku Mangochi adagwedeza mutu. “Kwanu mwera umabadwira,” adatero. “Kuno umafika utakula.”

Mawu amenewa ngoona. Nyanja ya Malawi njotalika pafupifupi makilomita 580, ndipo mwera, womwe umawomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, umachokera kumwera chakum'mawa n'kumatsata utali wa nyanjayo. Kwathu kumapeto a kumwera mphepoyi imakhala itangochoka pamtunda, choncho mafunde sakhala ndi danga lokulira. Koma pofika ku Sangilo imakhala itakankha madzi mtunda wa makilomita mazanamazana popanda chotchinga. Komanso mbali ya kumpoto ndiyo yakuya kwambiri, malo ena mpaka mamita 700, pamene kwathu mwana amayenda kamtunda ndithu madzi akumulekeza m'mawondo. Mafunde obadwira m'madzi akuya chotere saleka nthawi imodzi ndi mphepo. Amapitiriza kufika pagombe ngakhale kunja kutacha bwino, ndipo tsiku lotere ndilo limapusitsa anthu.

Bambo uja adatola chitsononkho cha chimanga natitengera pamwamba pa thanthwe. Adachiponya pakati pa gombe, ndipo funde lidachibweza kumchenga. Adachitolanso nachiponya pakampata kathu kaja. Chitsononkho chidayamba ulendo, osaima, molunjika pakati pa nyanja. Tili pamwambapo tidaona zomwe sitidazione tili pansi: mzere wa madzi odetsedwa ndi mchenga, wonyamula timitengo ndi masamba, ukutuluka m'mbali mwa thanthwe ngati mtsinje woyenda m'kati mwa nyanja. Patsogolo pang'ono, kupitirira pomwe mafunde amayambira kusweka, mzerewo unkamwazika n'kutha mphamvu. Chitsononkho chija chidaima pamenepo n'kumangoyandama.

“Funde lililonse limatula madzi pagombe,” adatero. “Kodi madzi amenewo mukuganiza amapita kuti? Ayenera kubwerera kwawo. Ndiye amafuna njira.”

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Mafunde akamasweka motsatizana, madzi amaunjikana kugombe, ndipo sangabwerere pomwe funde lina likubwera. Amayenda cham'mbali kufuna pofooka, kaya pomwe mulu wa mchenga wa pansi pa madzi wadukira, kaya m'mbali mwa thanthwe, m'mbali mwa doko, kapena pamathiriro a mtsinje. Akapeza njirayo amakumba ngalande, ndipo chifukwa ngalandeyo njakuya, mafunde sasweka pamenepo. Ndicho chifukwa chake malo oopsa kwambiri pagombe amaoneka ngati malo abwino koposa. Pachingerezi madzi obwerera otere amawatchula kuti rip current. Akatswiri adayeza napeza kuti nthawi zina amathamanga kupitirira mamita 2 pa sekondi imodzi, liwiro loti ngakhale katswiri wa mpikisano wosambira sangalimbane nalo. Asodzi a pa Sangilo amadziwa njirayi, ndipo amaigwiritsa ntchito potuluka ndi bwato mafunde akakula. Kwa bwato ndi msewu, kwa munthu wosadziwa ndi msampha.

Tidafunsa ngati madzi amenewa amakokera munthu pansi, monga timamvera kwathu kuti nyanja yamumeza. Iye adakana. Adati madziwo amangomutenga munthu kupita naye kutali ndi gombe, koma pamwamba pomwepo. Chomwe chimapha ndi mantha ndi kutopa. Munthu akaona mtunda ukutalikira amalimbana ndi madzi maso ndi maso, mphamvu n'kutha, n'kuyamba kumwa madzi. Mphwathu uja akadaleka kulimbana n'kungoyandama chagada, madziwo akadamusiya okha pomwe adasiya chitsononkho. Kapena akadasambira cham'mbali, motsata gombe, mikono yochepa chabe akadatuluka m'ngalandemo n'kulowa m'mafunde omwe akadamukankhira kumtunda. Luso lake losambira ndilo lidatsala pang'ono kumupha, chifukwa adakhulupirira kuti angawagonjetse madzi.

Nyanja yomwe idamiza Viphya

Madzulo a tsikulo tidakhalanso pamwamba pa thanthwe, ndipo mlamu wathu adatilozera kumwera, cha ku Chitimba, komwe kale ankakutcha Florence Bay. M'madzi a kufupi ndi kumeneko ndimo mudamira sitima ya Viphya pa 30 Julaye 1946. Idali sitima yatsopano, ikuchokera ku Mbamba Bay, ndipo idakumana ndi namondwe m'nyengo yomweyi ya mwera. Anthu 145 adafa, ndipo mpaka lero imakumbukidwa ngati ngozi yaikulu koposa ya sitima panyanja yathu. Patapita zaka zisanu, mu 1951, ndi pomwe idayamba kuyenda Ilala, yomwe kwa zaka zambiri ulendo wake wa kumpoto wakhala ukuthera pa doko la Chilumba.

Tidaganiza kuti ngati madzi amenewa adagubuduza sitima yachitsulo, nanga mwana wa zaka 15 ndani? Anthu a kuno amakula akudziwa mbiri imeneyi, ndipo mwina n'chifukwa chake sachita nayo chibwana nyanja. Msodzi wa pa Sangilo akadzuka amayamba wayang'ana mitambo ya pamwamba pa mapiri a kutsidya, amaona mtundu wa madzi, ndipo akakayika amakhala pansi n'kumasoka ukonde. Sachita manyazi kunena kuti lero sitilowa.

Ena amaganiza kuti madzi obwerera otere ndi nkhani ya kunyanja zamchere zokha. Si choncho. Ku America kuli nyanja ya Michigan, ya madzi opanda mchere ngati yathu, yaitali motsata mphepo ngati yathu, ndipo mwa nyanja zisanu zikuluzikulu za kumeneko ndiyo imapha anthu ambiri ndi madzi okokawa. Tikumbukirenso kuti madzi opanda mchere samunyamula munthu monga amachitira amchere, choncho wosambira m'nyanja yathu amatopa msanga. Ana athu ambiri ali ku Durban ndi ku Cape Town, komwe amapita kugombe pa Disembala akudalira kuti adakulira ku Makanjira kapena ku Nkhotakota. Tiziwakumbutsa polankhula nawo kuti asambire pakati pa mbendera ziwiri zofiira ndi zachikasu zokha, pomwe pamakhala alonda opulumutsa anthu. Bungwe la NSRI la ku South Africa lidayamba mu 2017 kupachika zoyandamitsa zapinki m'magombe, kuti wofuna kupulumutsa mnzake asalowe m'madzi chimanjamanja. Nzeru yake ndi yomweyo ya chigubu cha anyamata a pa Sangilo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira m'madzi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse adali mwana wosakwana zaka zisanu. Chaka chomwecho bungwe la United Nations lidakhazikitsa 25 Julaye kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Kwa ife tsikuli limagwa pakati penipeni pa mwera.

Zoti titengere kunyumba

Tikubwerera tidakambirana m'galimoto za maulendo athu a kunyanja, makamaka a tsiku la Idi, pomwe mabanja ndi ana a kumadrasa timadzaza malole kupita kugombe. Tidaona kuti zambiri timazichita mwamwayi chabe. Nazi zomwe tidagwirizana m'banja lathu.

Choyamba, mukafika pagombe lachilendo funsani asodzi a pamalopo musanavule nsapato. Safunsa adadya phula. Mverani ndi machenjezo a mwera omwe a nthambi yoona zanyengo amaulutsa pawailesi, ndipo dziwani kuti tsiku lotsatana ndi mphepo likadali loopsa.

Chachiwiri, kwerani pamalo okwera n'kuyang'ana madzi kwa mphindi zingapo. Mukaona kampata ka madzi akuda ndi abata pakati pa mafunde osweka, kapena mzere wa thovu, zinyalala ndi mchenga ukupita pakati pa nyanja, pamenepo musalowepo. Ponyani kamtengo muone komwe kalowere. Pewani m'mbali mwa matanthwe, madoko ndi mathiriro a mitsinje, komwenso kumabisala ng'ona. Mwera ukadutsa mchenga wa pansi umasuntha, ndipo pomwe dzulo padali pofika m'mawondo lero pakhoza kukhala dzenje.

Chachitatu n'chokhudza amayi ndi atsikana athu. Pofuna kudzisungira ulemu, iwo amapita kuseri kwa matanthwe komwe amuna sangawaone, ndipo amalowa m'madzi ndi madiresi aatali ndi zitenje. Ulemuwo ngwabwino, koma kuseri kwa thanthwe ndi komwe madzi obwerera amakonda kudzera, ndi komwenso kufuula sikumveka. Nsalu ikanyowa imalemera n'kumakulunga miyendo. Choncho mafunde akakhalapo asapitirire m'mawondo, ndipo mayi mmodzi wamkulu atsale pamtunda ndi chigubu ndi chingwe, ntchito yake ikhale kuyang'ana basi.

Chachinayi, ana asawayang'anire ana anzawo, ndipo akuluakulu asamangoganiza kuti wina akuyang'ana. Tchulani munthu mmodzi, akatopa apatse mnzake. Mwana womira kawirikawiri safuula. Amangoima chilili m'madzi, mutu utapendekera kumbuyo, pakamwa pakumira n'kutuluka. Chubu cha galimoto nachonso musachikhulupirire, chifukwa kwathu komwe mwera umawombera kuchokera kumtunda chimamutenga mwana kupita naye pakati.

Chachisanu, madzi akakutengani musalimbane nawo. Gonani chagada, pumani, kwezani dzanja limodzi kuti a kumtunda akuoneni. Mphamvu zikakhalapo sambirani motsata gombe mpaka mutamva kuti kukoka kwaleka, kenaka mubwerere ndi mafunde. Ana aphunzitseni kuyandama chagada m'madzi osaya tsiku labata, asanaphunzire kuthamanga.

Chachisanu ndi chimodzi, wina akatengedwa musadziponye chimanjamanja. Womira amagwira chilichonse, ndipo amamiza womupulumutsa. Fuulani, itanani bwato, ponyani chigubu chotseka bwino, chingwe kapena nsungwi. Akafika pamtunda musamuzondotse kapena kumupondaponda pamimba pofuna kutulutsa madzi. Ngati akupuma mugonekeni cham'mbali n'kumufunditsa. Ngati sakupuma muuzireni mpweya m'kamwa ndi kumusindikiza pakati pa chifuwa mobwerezabwereza, wina akuthamangira thandizo. Ngakhale aoneke kuti wachira mupite naye kuchipatala, chifukwa madzi olowa m'mapapo amatha kuyambitsa vuto patapita maola.

Tidakhala ku Chilumba masiku ena anayi. Tsiku lachitatu nyanja idagona tulo, madzi adayera mpaka kumaoneka timbuna tikusewera m'miyala, ndipo bambo uja atavomera ndi mutu, ana onse adasambira mpaka zala kuchita makwinya. Mphwathu uja adalowanso, koma adayamba wakwera pathanthwe n'kuponya chitsononkho, ang'ono ake akumuyang'ana. Potsanzika tidampatsa mkuluyo shuga ndi sopo, iye natipatsa usipa wouma wodzaza thumba. Tidamuuza kuti, Insha Allah, tidzabweranso. Adaseka nati, “Mudzabwere Okutobala, adada. Mwera udzakhala utapita kwawo.”